Kubwezera kamera ya telesikopu pamalo omwewo a thambo usiku wina ndi wina

Mlalang'amba wa Andromeda, umene m'mabuku a nyenyezi umalembedwa M31, kapena mtambo waukulu wa mpweya wa ku Carina, NGC 3372, si zinthu zojambula usiku umodzi n'kumaliza. Kuwala kwake n'kochepa ndipo chithunzi chimayera mochedwa: kuti chiyere kawiri kuposa chimene muli nacho, muyenera kujambula nthawi yochuluka kanayi. Amene ali ndi maola awiri ayenera kufika maola 8. Maola amenewo sapezeka pamodzi. Mitambo imabwera, mwezi umakula, m'mawa kuli ntchito, ndiye mumangotolera pang'onopang'ono, lero ola limodzi ndi theka, mawa kulibe, sabata yamawa maola atatu. Zonsezo zimadzasanjikizidwa pa kompyuta kukhala chithunzi chimodzi, malinga ngati kamera inkayang'ana malo amodzi usiku uliwonse.

Pali zinthu ziwiri zoti zibwerere m'malo mwake. Choyamba ndi pakati pa chithunzi, pamene pamadziwika ndi manambala awiri osonyeza malo pathambo, RA (kum'mawa ndi kumadzulo) ndi Dec (kumpoto ndi kum'mwera). Chachiwiri ndi mmene kamera yapendekekera, ngodya yake poyerekeza ndi kumpoto kwa thambo. Choyambacho aliyense amachisamala. Chachiwiricho ndi chimene chimadya maola a anthu, ndipo zambiri zimene zili m'munsimu zikukhudza icho.

Kuphonya kungafike pati

Musadzivutitse kufuna kubwerera pa pixel yomweyo, kadontho kamodzi ka chithunzi. Mapulogalamu osanjikizira zithunzi, monga Siril, DeepSkyStacker, PixInsight ndi Astro Pixel Processor, amazindikira nyenyezi, n'kusuntha ndi kutembenuza chithunzi chilichonse mpaka nyenyezizo zigwerane. Ojambula ambiri amachita kusuntha dala telesikopu ma pixel ochepa pakati pa zithunzi, zimene amati dithering, pofuna kufafaniza zipsera za sensa. Chimene pulogalamu singathe ndi kupanga thambo limene kamera sinalione. Mbali imene inajambulidwa usiku umodzi wokha imatuluka yamadonthomadontho, yokhala ndi mzere woonekera pamene zithunzi zinazo zathera, ndipo pamapeto pake mumaidula n'kuitaya.

Manambala amathandiza kuona kukula kwa vutoli. Tengani kamera ya sensa ya Sony IMX571, imene ili ndi ma pixel pafupifupi 6200 m'litali ndi 4200 m'lifupi, iliyonse yokula ma micron 3.76, ndipo muimangirire pa telesikopu ya focal length (mtunda umene magalasi amakusira kuwala kuti chithunzi chipangike) ya 400 mm. Kachigawo ka thambo kamene pixel imodzi imaona mumakapeza pochulukitsa kukula kwa pixel ndi 206.265, kenako n'kugawa ndi focal length. Apa pakutuluka ma arcsecond 1.94 (arcsecond ndi gawo limodzi mwa magawo 3600 a digiri), ndipo chithunzi chonse chikuphimba madigiri pafupifupi 3.4 m'litali ndi 2.25 m'lifupi. Mukaphonya pakati ndi arcminute imodzi, yomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri, mwataya ma pixel pafupifupi 31 m'mphepete. Pa 6200 zimenezo si kanthu. Koma kamera ikapendekeka digiri imodzi, makona onse anayi amasuntha ma pixel pafupifupi 65, ndipo madigiri asanu amasuntha ma pixel oposa 320. Zimakhala ngati mapepala osanjikizidwa mokhota, makona onse ali panja. M31 ndi wautali madigiri pafupifupi atatu, ndipo pa zida zoterezi anthu amakonda kumugoneka kuchokera kona ina kufika kona ina, ndiye mbali zimene zimadulidwazo ndi zomwezo zimene munkazifuna.

Cholinga chake chikhale ichi: pakati pasaphonye kuposa arcminute imodzi, ngodya isaphonye kuposa digiri imodzi. Pa telesikopu ya focal length yaitali, monga 1500 mm kapena 2000 mm, pakati pamafuna kusamala koposa apa, koma za ngodya sizisintha.

Usiku woyamba, ntchito ya usiku wachiwiri ndi pamene imayambira

Poika chinthu chanu m'chithunzi, siyani mpata m'mbali zonse. Musachikanikizire m'mphepete chifukwa choti lero chakwanira bwino. Masiku akachuluka m'mphepete mumadyeka ndithu, ngakhale mutasamala chotani.

Mukakhutira ndi maikidwe ake, jambulani chithunzi chimodzi chabwino, nyenyezi zili zakuthwa, ndipo muchisunge pachokha m'foda imene simudzaifufuta mwangozi. Chimenechi ndi chithunzi chanu choyezera. Chikhale fayilo yoyambirira, FITS kapena RAW, osati chithunzi chimene mwachidula kapena kuchitembenuza pa kompyuta. Chodulidwa chimakhala ndi pakati pena, ndipo chidzakusocheretsani.

Kenako chitani plate solving pa chithunzicho. Iyi ndi njira imene pulogalamu imayerekezera nyenyezi za m'chithunzi ndi mndandanda wa nyenyezi zodziwika, n'kukuuzani pamene kamera inaloza kwenikweni. ASTAP ndi yaulere ndipo imagwira ntchito popanda intaneti mukangoika nkhokwe yake ya nyenyezi. Astrometry.net nayo ndi yaulere, ndipo imatha kuzindikira chithunzi ngakhale osaiuza kumene munaloza. Zotsatira zake ndi RA, Dec, ngodya ndi kukula kwa pixel pathambo. Lembani zonsezi, pamodzi ndi dzina la pulogalamu imene yakupatsani. Dzinalo n'lofunika chifukwa mapulogalamu sawerenga ngodya mofanana: ina imayambira kumpoto kuzungulira cha kum'mawa, ina imazungulira mbali inayo, ina imasiyana ndi inzake madigiri 180. Nambala ya 32 ya pulogalamu ina ikhoza kukhala 328 kapena 212 ku pulogalamu ina. Yezerani ndi pulogalamu imodzi kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza.

Musadalire manambala amene mount, chipangizo chonyamula ndi kuloza telesikopu, ikuonetsa. Mount imanena pamene ikuganiza kuti yaloza. Plate solving imanena pamene yalozadi.

Papepala lomwelo lembaninso mmene mwatcherera kamera: gain, offset, kutentha kumene mwaikira sensa, binning, utali wa chithunzi chilichonse ndi fyuluta. Zimenezi siziloza telesikopu, koma gain, offset, kutentha, binning kapena utali zikasintha pakati pa masiku, ma dark anu (zithunzi zojambulidwa kamera itavindikiridwa, zochotsera zipsera za sensa) sagwirizananso ndi zithunzi.

Musanachotse kanthu

Langizo limene limaposa ena onse ndi losavuta: ngati n'kotheka, musachotse kamera pa telesikopu. Nyamulani telesikopu, flattener (galasi lokonza nyenyezi za m'mphepete), fyuluta ndi kamera zili zolumikizana, muzisunge choncho mpaka ntchito ya chinthu chimenecho ithe. Ngodya imakhala pomwepo, fumbi sililowa, ndipo focus imakhala pafupi. Anthu ambiri amamasula zonse usiku uliwonse chifukwa bokosi limene zinabweramo linapangidwa kuti chilichonse chigone pachokha. Kupeza bokosi lalikulu n'kosavuta kuyerekeza ndi kukonza ngodya usiku uliwonse mumdima.

Ngati kuchotsa n'kosapeweka, ikani zizindikiro muuni usanazime. Matani katepi kodutsa pamene kamera ikulumikizana ndi focuser, chokonzera focus cha telesikopu, lembani mzere woonda pamwamba pake, kenako dulani tepiyo ndi lezala pa mpata wolumikizirapo kuti theka litsale uku, theka uko. Usiku wotsatira mungolumikiza mizere iwiriyo. Dziwani malire a njira imeneyi: pa mphete yotambalala 80 mm, digiri imodzi ndi 0.7 mm yokha, ndiye mzere wa cholembera chokhuthala pawokha ndi woposa digiri. Chizindikiro chimakufikitsani pafupi, chotsalacho chimamalizidwa ndi plate solving.

Zolumikizira za mazinga, monga za saizi ya M42 ndi M48, zimaima pafupifupi pamalo omwewo mukazimanga ndi mphamvu yofanana, choncho n'zodalirika kuposa zongolowetsa n'kumanga ndi timabawuti ta m'mbali. Koma mukaonjezera kapena kuchotsa kamphete kamodzi kakang'ono pokonza mtunda wa pakati pa flattener ndi sensa, umene nthawi zambiri umakhala 55 mm, pamene mazinga amaimira pamasintha ndipo ngodya imasintha nayo.

Ikani zizindikiro zina pamene dovetail, chitsulo cha pansi pa telesikopu, imakhala pa mount, pamene chitsulo cholemera chimakhala pa ndodo yake, ndi pansi pamene miyendo ya tripod yaponda. Izi sizikhudza ngodya kwenikweni, koma zimafupikitsa ntchito yolinganiza kulemera ndi kuloza pole, malo amene thambo lonse limaoneka likuzungulirapo. Amene ali ndi telesikopu ya Newtonian, ya magalasi obweza kuwala m'chubu, alembenso chizindikiro pamene chubu chimakumana ndi mphete zochigwira. Chifukwa chake chikubwera kutsogoloku.

Chomaliza musanamasule chilichonse: jambulani ma flat, zithunzi za malo owala mofanana paliponse. Fumbi lili pa fyuluta kapena pa galasi la sensa limaoneka ngati timphete totuwa m'chithunzi, ndipo ma flat amalichotsa pokhapokha ngati anajambulidwa zida zili mmene zinalili pojambula thambo. Mukachotsa kamera kaye n'kumati ma flat ndijambula mawa, timphete tija tidzakhala titasuntha, ndipo m'malo mochotsa chipsera chimodzi mudzapanga ziwiri, china chakuda china chowala.

Usiku wachiwiri

Yambani monga mwa nthawi zonse. Imikani tripod pa zizindikiro zake, linganizani kulemera, onetsetsani kuti tsiku, nthawi ndi malo zili zolondola pa kompyuta ndi pa mount. Lozani pole: a kumpoto kwa dziko ali ndi Polaris, a kum'mwera ali ndi Sigma Octantis, kanyenyezi kozimiririka kovuta kukaona ndi maso, n'chifukwa chake ambiri amagwiritsa ntchito mapulogalamu: SharpCap, kapena njira yoyeza malo atatu a thambo ya mu N.I.N.A., kapena ya mu Ekos. Sikofunika kuti kuloza pole kwa lero kufanane ndendende ndi kwa dzulo. Chofunika n'chakuti kukhale kwabwino masiku onse awiri, chifukwa kukaphonya kwambiri thambo limazungulira pang'onopang'ono m'chithunzi usiku wonse ngakhale guiding, kuwongolera mount ndi kamera yachiwiri yoyang'ana nyenyezi, ikuyenda bwino.

Konzani focus musanayese plate solving. Nyenyezi zofufuma pulogalamu siziwerenga bwino. Bahtinov mask, chivindikiro cha mizeremizere choika kutsogolo kwa telesikopu, kapena autofocus, zonse zimagwira.

Tsopano tsegulani chithunzi choyezera chija mu pulogalamu yojambulira. Mu N.I.N.A. mumachilowetsa mu Framing Assistant posankha kuti chithunzi chichokere ku fayilo, kenako n'kuuza pulogalamu kuti ipite, iike pakati ndi kutembenuza. Mu Ekos ya KStars muli batani la Load & Slew m'gawo la Align. Mapulogalamu ena ali ndi zofanana ndi zimenezi pansi pa mayina ena. Zimene zimachitika n'zimodzi: mount imapita pafupi, kamera imajambula masekondi ochepa, pulogalamu imayeza pamene yafika, imasuntha mount, imajambulanso, mpaka kusiyana kuchepe kufika pa malire amene mwaika.

Dongosolo lake n'lofunika. Fikani pafupi kaye, konzani ngodya, kenako mumalize kuika pakati. Mukayamba ndi kuika pakati mosamala n'kudzagwira kamera pambuyo, ntchito ija yapita pachabe, chifukwa dzanja limakankha telesikopu, ndiponso pakati pa sensa sipagwerana ndendende ndi pamene focuser imazungulirira.

Amene ali ndi rotator ya mota, chipangizo chotembenuza kamera chokha, amangodikira. Ena tonsefe timatembenuza ndi manja, ndipo zimayenda chonchi. Jambulani, chitani plate solving, onani ngodya. Chotsani pa ngodya ya tsiku loyamba kuti mudziwe madigiri otsala. Masulani pang'ono chomangira, dzanja lina litagwira kamera kuti isagwe, tembenuzani, mangani, jambulaninso. Ngati kusiyana kwakula, mwapita mbali yolakwika, ndipo ndi bwino kulemba muvi pa tepi kuti mawa musadzafunsenso. Mu N.I.N.A. mukasankha Manual Rotator ngati chipangizo chanu, pulogalamu imakuuzani madigiri oti mutembenuze ndi mbali yake, n'kudikira kuti mutero. Kawiri kapena katatu zimakwana. Pomanga, mangani timabawuti mosinthanasinthana, osati kumaliza kamodzi kenako kena, kuopa kuti sensa ingapendamire mbali imodzi, nyenyezi za kona imodzi n'kutalika. Mukamaliza onaninso focus.

Pali nthawi ziwiri zimene simuyenera kugwira kamera ngakhale manambala akusiyana. Yoyamba ndi pamene kusiyana kuli madigiri 180, mwachitsanzo dzulo 95 lero 275. Sensa ndi yamakona anayi, ndiye ikatembenuka chadodolido imaphimba thambo lomwelo. Zimenezi zimachitika zokha telesikopu ikakhala mbali ina ya mount. Yachiwiri ndi pamene kamera simunaimasule chiyambire, ndipo kusiyana sikukufika digiri imodzi. Kusiyana kotere kumachokera ku kuloza pole kapena mmene dovetail yakhalira. Ine ndimati kusiyeni. Ma pixel 40 m'makona ndi otsika mtengo kuposa kusuntha fumbi ndi kuika sensa pangozi yopendama.

Plate solving ikakana, nthawi zambiri vuto limakhala limodzi mwa izi. Focal length kapena kukula kwa pixel kumene munalemba mu pulogalamu n'kolakwika, makamaka ngati mwaika reducer, galasi lofupikitsa focal length, n'kuiwala kusintha nambala. Kapena nyenyezi zachepa chifukwa fyuluta ya narrowband, yolola kagawo kochepa ka kuwala, ili m'njira, ndipo apo sinthani fyuluta kapena talikitsani nthawi. Kapena mount yasochera kutali kuposa dera limene pulogalamu ikufufuza, ndipo apo kulitsani deralo kapena lolani kuti ifufuze thambo lonse. Nthawi zina ndi mtambo chabe. Tulukani mukayang'ane kumwamba musanayambe kusintha zinthu.

Msampha wa J2000

Ngati mukulemba RA ndi Dec pamanja m'malo molowetsa chithunzi, samalani ndi chaka chimene manambalawo akuimira. Mzere umene dziko limazungulirapo umapendama pang'onopang'ono, kuzungulira kamodzi pa zaka pafupifupi 26,000, ndipo zimenezi zimasuntha manambala a nyenyezi ndi ma arcsecond pafupifupi 50 pachaka. Mindandanda ya nyenyezi ndi zotsatira za plate solving nthawi zambiri zimalembedwa mwa J2000, kutanthauza mmene zinalili kumayambiriro kwa chaka cha 2000, pamene ma mount ambiri amagwira ntchito ndi manambala a lero, JNow. Patadutsa zaka 25 kusiyanako kumatha kufika ma arcminute 21, pomwe mwezi wathunthu ndi wotambalala pafupifupi 30. Pa zida za chitsanzo chija amenewo ndi ma pixel oposa 600. Chizindikiro chake n'chakuti pulogalamu imanena kuti yafika pakati, koma chithunzi chimakhala chitasunthira mbali imodzi, mofanana usiku uliwonse. Onani kuti dalaivala wa mount ndi pulogalamu yojambulira zikugwirizana pa nkhaniyi, ndipo polemba manambala papepala muzilemba J2000 pambali pake.

Popanda kompyuta

Kamera ya DSLR kapena mirrorless pa kachipangizo kotsatira nyenyezi, monga Star Adventurer yoyambirira ya Sky-Watcher, ilibe GoTo (kudzilozera yokha) kapena plate solving, koma ntchitoyi imatheka. Imangofuna kudekha.

Njira yabwino yothetsera vuto la ngodya apa ndi kusankha ngodya imene thambo lenileni lingakuonetseni. Zimitsani kutsatira, jambulani masekondi 30. Nyenyezi zimajambula timizere toloza kum'mawa ndi kumadzulo. Pafupi ndi equator ya thambo, monga ku gulu la nyenyezi la Orion, zimayenda ma arcsecond 15 pa sekondi, ndiye pa zida za chitsanzo chija kamzere kamatalika ma pixel oposa 200, okwanira kuona bwino. Tembenuzani kamera mpaka timizereto tiyende motsatana ndi mbali yaitali ya chithunzi, kapena yaifupi ngati chinthu chanu chikukwanira bwino choncho. Ngodya imeneyi mungaibwezere usiku uliwonse, ngakhale chaka chamawa, popanda nambala iliyonse. Mumataya ufulu wopendeketsa chithunzi mmene mukufunira, koma pa ntchito ya masiku ambiri ndikuona kuti kusinthanitsa kumeneku n'kopindulitsa.

Pewani ball head, chomangira kamera chozungulira pa kampira, ngati mungathe. Mukaimasula kuti musunthe pang'ono chabe, zonse zimasuntha pamodzi, ngodya yomwe. Chomangira cha Dec chokhala ndi kolala ya lenzi chimakulolani kusuntha chinthu chimodzi osakhudza china.

Za pakati, dalirani nyenyezi ziwiri zowala. Usiku woyamba yatsani mizere ya gridi pa sikirini ya kamera, ndipo jambulani sikiriniyo ndi foni. Sankhani nyenyezi imodzi pafupi ndi pakati, ina pafupi ndi m'mphepete, ndipo onani bokosi la gridi limene iliyonse yagwera. Usiku wachiwiri kwezani ISO, jambulani masekondi 5 kapena 10, yerekezani ndi cha pa foni, sunthani pang'ono, jambulaninso. Ya pakati ikakhala m'malo mwake koma ya m'mphepete ili pamwamba kapena pansi, vuto ndi ngodya. Zonse ziwiri zikasunthira mbali imodzi, vuto ndi kuloza. Pojambula dera la mtambo wa Horsehead ku Orion, nyenyezi ya Alnitak ndi yowala moti imaoneka ngakhale pa live view, ndipo ntchito imafulumira. Kumene kulibe nyenyezi yowala, yambirani pa ina yodziwika yapafupi n'kumadumpha kuchokera pamenepo, ndipo njirayo muijambule papepala tsiku loyamba. Ngati pali intaneti, kutumiza chithunzi chaching'ono ku Astrometry.net kudzera pa foni kumakupatsani manambala enieni oti muyerekeze ndi a dzulo.

Thambo silidikira

Nyenyezi zimabwerera pamalo ake pakatha maola 23, mphindi 56 ndi masekondi 4, osati maola 24. Choncho chinthu chanu chimafika pamalo amene chinali dzulo mphindi pafupifupi zinayi mofulumira, pa sabata pafupifupi theka la ola, pa mwezi maola awiri. Pa mount ya German equatorial, yoloza pole ndiponso yokhala ndi chitsulo cholemera, zimenezi zikutanthauza kuti nthawi ya meridian flip, pamene telesikopu imadumphira mbali ina ya mount chinthu chikadutsa pamwamba penipeni pa ulendo wake, imasendera kumayambiriro a usiku. Mwezi watha munkayamba telesikopu ili mbali ina, lero mwina mukuyamba ili kale mbali inayo, ndipo chithunzi choyamba chikutuluka chozondoka. Palibe chalakwika. Pambuyo pa flip iliyonse bwerezani kuika pakati ndi plate solving, koma kamera musaikhudze. Ma flat omwewo amagwira mbali zonse ziwiri chifukwa kamera ndi magalasi zatembenukira limodzi.

Pa mount ya alt-az, yoyenda chokwera-chotsika ndi cham'mbali osaloza pole, kuphatikizapo timatelesikopu tamakono todziyendetsa tokha tikaikidwa mwa njira imeneyi, thambo limazungulira m'chithunzi usiku wonse, ndipo limafulumira chinthu chikayandikira pamwamba pa mutu. Apa ngodya siidalira mmene mwamangira kamera yokha, imadaliranso nthawi. Kuti makona asadyeke kwambiri, jambulani pamene chinthu chili pamalo omwewo a ulendo wake, ndiye kuti usiku uliwonse muziyamba mphindi zinayi mofulumira kuposa dzulo.

Newtonian ndi guiding

Timitanda ta kuwala timene timaoneka pa nyenyezi zowala mu telesikopu ya Newtonian timachokera ku tizitsulo togwira galasi laling'ono, ndipo tizitsuloto ndi tomangika ku chubu. Chubu chikazungulira m'mphete zake pakati pa masiku, inu n'kubwezera ngodya potembenuza kamera yokha, chithunzi chidzakhala pamalo ake koma timitanda tidzaloza kwina. Posanjikiza, nyenyezi iliyonse yowala idzatuluka ndi nyanga 8 m'malo mwa zinayi, kapena nyanga zofufutika. Palibe pulogalamu yosanjikizira imene imakonza zimenezi bwinobwino. N'chifukwa chake chizindikiro cha pa chubu chija n'chofunika: bwezerani chubu kaye, kamera pambuyo.

Za guiding, funso ndi lakuti kamera ya guiding yazungulira kapena ayi. Ikakhala pa katelesikopu kake kapadera ndipo simunaigwire, calibration ya dzulo ya PHD2, pamene pulogalamu ya guiding imeneyi imaphunzira mbali zimene mount imayendera, ikhoza kugwirabe ntchito. Ikakhala pa off-axis guider, chipangizo chopatutsa kuwala pang'ono kwa telesikopu yaikulu, imazungulira limodzi ndi kamera yaikulu, ndiye mukatembenuza kwambiri chitaninso calibration, apo ayi pulogalamu idzakankha mount mbali yolakwika. Yambitsani guiding pambuyo pomaliza kuika pakati, osati kale.

Kusanjikiza

Usiku uliwonse ukhale ndi foda yake, zithunzi za thambo pamodzi ndi ma flat ake. Tchulani fodayo ndi tsiku limene usiku unayambira, chifukwa pakati pa usiku deti limasintha ndipo zithunzi za ulendo umodzi zikhoza kugawanika m'mafoda awiri. Ngati kamera sinachoke ndipo simukuona fumbi latsopano, ma flat a tsiku loyamba akhoza kugwira masiku angapo, koma kujambula atsopano kumatenga mphindi zochepa, ndipo kafumbi kamodzi kamatha kusuntha ponyamula pokha. Ma dark amagwira masiku onse ngati kutentha kwa sensa, gain, offset ndi utali wa chithunzi sizinasinthe. Pa DSLR, imene siziziritsa sensa, usiku wozizira ndi wotentha zimafuna ma dark osiyana.

Yeretsani zithunzi za usiku uliwonse ndi ma flat a usiku womwewo. Mu DeepSkyStacker zimenezi zimachitika ndi magulu a mafayilo, mu PixInsight ndi mawu ogawira magulu a mu WBPP, chida chake chokonzera zithunzi zambiri pamodzi, ndipo Astro Pixel Processor imakufunsani yokha kuti fayilo iliyonse ndi ya ulendo uti. Zikayeretsedwa, ziikeni zonse pamodzi, zilinganizidwe pa chithunzi chimodzi choyezera, n'kusanjikizidwa kamodzi. Kusanjikiza usiku uliwonse pawokha kenako n'kuphatikiza zotsatirazo kumatheka, koma pulogalamu imachotsa bwino mizere ya masetilaiti ndi ndege ikamaona zithunzi zonse nthawi imodzi, ndipo usiku wa zithunzi 10 suyenera kulemera mofanana ndi wa zithunzi 60.

Chithunzi cholinganizira musasiye kuti pulogalamu ingosankha chakuthwa kwambiri osachiona. Chikachokera ku usiku umene munaphonya pang'ono, chithunzi chonse chimatengera maikidwe a usiku umenewo. Sankhani chakuthwa pakati pa zimene zili pamalo amene munkafuna. Ndipo ngati usiku wina unali ndi mwezi wowala kapena chifunga chopyapyala, yesani kusanjikiza kawiri, kamodzi nawo kamodzi popanda, muone chimene chayera koposa.

Chotuluka chikabwera, chiwalitseni mopitirira muyeso kuti muone mizere ya m'mphepete pamene zithunzi zachepera, ndipo dulani mkati mwa mizereyo musanayambe kuchotsa kusiyana kwa kuwala kwa thambo, chifukwa m'mphepete moipa mumasokoneza zida zochotsera. Sungani zithunzi zoyeretsedwa zisanalinganizidwe, pamodzi ndi chithunzi choyezera ndi pepala la manambala, m'foda ya chinthucho. M31 kapena Carina akadzabweranso pamalo abwino chaka chamawa, mudzalowetsa fayilo yomweyo mu pulogalamu, kukonza ngodya, n'kuonjezera maola atsopano pa akalewo.